Khadi la Mawu la a Fyuzi

Amuna anga amadziwika ndi dzina loti a Fyuzi. Dzinali linabwera kale tisanakwatirane, nthawi imene ankakonza mawayilesi pakhonde la sitolo ya nsalu. Munthu akabwera ndi wayilesi yosalankhula, iwo asanaitsegule n'komwe ankati, "Ndi fyuzi imeneyi," ndipo nthawi zambiri ankalondola. Ena amati dzinali linakhazikika chifukwa eni akewo sachedwa kupsa, koma zimenezo amanena iwo kulibe.

Ntchito anaiphunzira poonerera. Mawayilesi atachepa anasamukira ku ma TV, ndipo ma TV atayamba kubwera opyapyala, osafuna kutsegulidwa, anasamukira ku makompyuta imvi zitayamba kale. Kashopu kawo kali kuseri kwa malo ometera, chipinda chimodzi cha zenera limodzi. Patebulo pamakhala chitsulo chowotcherera mawaya, galasi lokulitsa zinthu lomwe chogwirira chake anachimanga ndi tepi, ndi zitini za mkaka zodzaza timasikuluwu. Ine ndimasoka makatani kunyumba, ndipo masana ndimawapititsira tiyi mu fulasiki.

Tili ndi ana atatu. Aamuna awiriwo za mawaya sanazifune n'komwe. Mzime wathu, wamkazi, ndiye anali wa bambo ake. Foni ikavuta, adadi. Babu likathima, adadi. Atamaliza maphunziro a zamankhwala n'kuyamba ntchito kufamase, bambo ake anamumangira kompyuta ndi manja awo, chipangizo chilichonse chosankha okha. Chomwe ankanyadira kwambiri chinali khadi la mawu, kachipangizo kobiriwira kofanana ndi chikhatho kamene kamalowetsedwa m'mimba mwa kompyuta kuti mawu azituluka bwino. Analipeza pamene situdiyo ina yojambulira nyimbo inkatseka, ndipo analisunga zaka zinayi m'bokosi la nsapato, akukaniza aliyense wolifuna.

"Ili ndi la mwana wanga," ankatero.

Kenako mwanayo anakwatiwa. Mkamwini wathu amayang'anira makompyuta pa ofesi ina ya inshuwalansi. Ndi munthu wofatsa, waulemu, wa nsapato zopukuta, ndipo akalowa m'nyumba amavula chipewa. Amuna anga anamufufuza mbali zonse osapeza pomugwira, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho ndicho chinawapweteka koposa. Tsiku loyamba kufika kushopu, mkamwiniyo anaona laputopu ya kasitomala ili patebulo n'kunena mwaulemu kuti mwina ikungofunika apudeti, kutanthauza kuikamo mapulogalamu atsopano. Kuyambira pamenepo, tikakhala awiri, dzina lake linali Apudeti.

Chaka choyamba cha ukwatiwo mzime anasiya kuimba foni za zinthu zowonongeka. Ankaimba ndithu, koma ankaimbira ine, za makatani ndi za kuntchito. Ndikangoika foni pansi mafunso ankayamba.

"Waimba?"

"Waimba."

"Wati chiyani za kompyuta?"

"Sanaitchule."

"Ndiye kuti ili bwino. Ndinamanga ine."

Akatero ankangotembenuza kapu patebulo.

Mwana wathuyo amakonda magemu. Loweruka masana amasewera pa intaneti ndi anzake anayi gemu ya asilikali osakana m'nyumba zogumuka. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake anatiitana kwawo, kunyumba yosanja, chipinda cha pamwamba. Titadya, mkamwini anatulutsa bokosi lakuda lalikulu. Munali mahedifoni, aja ophimba makutu onse, okhala ndi kamaikolofoni kopindika kofika pakamwa ndi kabokosi kakang'ono pa waya wake.

"Awa mawu amazungulira mutu," anafotokoza mkamwini. "Munthu akamakuzemberera kumbuyo umamva mapazi ake kumbuyo. Akakhala pamasitepe umamva kuti ali pamwamba."

Mzime anawakumbatira amuna ake. Ife tinabweretsa ketulo, ndipo inali ikadali m'pepala lake pampando. Ndinaona amuna anga akuiyang'ana.

Koma mahedifoniwo atalumikizidwa, zinthu sizinayende. Mawu onse anaunjikana pakati pa mutu ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Mapazi a kumbuyo ankamveka kutsogolo. Maikolofoni inkagwira mphindi imodzi n'kuduka. Mu gemu, mzime anawomberedwa katatu ndi munthu amene sanamumve akubwera, ndipo anavula mahedifoniwo nkhope itagwa.

Mkamwini anagwada pafupi ndi kompyuta, anadinadina, kenako anati, "Vuto ndi dalaivala."

"Dalaivala wa ndani?" ndinafunsa ine. "Amene anabweretsa bokosili?"

Ana aja anaseka. Mkamwini anandifotokozera kuti dalaivala ameneyu si munthu, ndi kapulogalamu kamene kamathandiza kompyuta kumvana ndi chipangizo, ngati womasulira pakati pa anthu awiri osiyana zilankhulo. Amuna anga sanaseke. Kufotokozera ine zinthu ngati zimenezo inali ntchito yawo kwa zaka makumi atatu.

"Ndi dalaivala wa khadi lakaleli," anapitiriza mkamwini. "Amene analipanga anasiya kalekale kulitulutsira madalaivala atsopano. Chophweka n'kungolichotsa. Mahedifoniwa ali ndi kabokosi kawo, khadili sakulifuna."

"Khadi limenelo lilibe vuto," anatero amuna anga.

"Linali labwino kwambiri pa nthawi yake, bambo."

Mzime anaika dzanja paphewa la bambo ake. "Musadandaule, adadi. Awa akonza."

Ndinadziwa pomwepo kuti zavuta. Amuna anga anaimirira, anazula mawaya onse mmodzimmodzi, anakulunga mahedifoni m'bokosi lake, n'kusenza kompyuta ija paphewa. Mkamwini anafuna kuwalandira, iwo anangoti, "Ndakhala ndikunyamula izi musanabadwe." Anatsika masitepe onse aja ngakhale bondo lawo limavuta, ine ndikuwatsatira ndi bokosi m'manja, tiyi wawo atatsala theka.

Lolemba m'mawa anapachika katoni pachitseko cha shopu yolembedwa kuti ABWERA POSACHEDWA, iwo ali mkati momwemo. Mayi wina wa pulintala yosakoka pepala anagogoda mpaka anatopa. Wometa uja anabwera kudzandifunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta.

Tsiku loyambalo anapeza chimbale chakale cha khadilo pansi pa bokosi la nsapato lija. Anaika dalaivala wake, mawu anabwera bwinobwino, ndipo anandiimbira foni kuti zatha. Atazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, zonse zinabwerera mwakale. Kompyuta inali itachotsa yokha dalaivala wawo n'kuikapo wake. Anayesa kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi.

"Ili ndi mwano kompyutayi," anandiuza madzulo. "Ndinaimanga yomvera. Aizoloweretsa zina kumeneko."

Tsiku lachiwiri linali loipa. Anakapeza dalaivala pa tsamba lina la intaneti losadziwika mwini wake, ndipo atangomuika, sikirini inadzaza timawindo totsatsa mankhwala ochepetsa mimba. Kenako inasanduka ya buluu, kompyuta n'kukana kudzuka. Nditafika ndi tiyi ndinawapeza atakhala pa situlu, manja ali pamutu.

"Zithunzi zake za ukwati zili mmenemu," anatero chapansipansi.

"Munazisunga pena musanayambe?"

Anali asanazisunge. Chinthu choyamba chimene amauza kasitomala aliyense n'chakuti asunge zinthu zake kawiri. Masana onsewo anachotsa disiki, anailumikiza ku kompyuta yawo, n'kukopera zithunzizo chimodzichimodzi. Zonse zinalipo. Ndinawaona akuima pa chithunzi china chimene anali atagwira mwana wawo dzanja pakhomo la holo, mkamwini ali pambali akudikira. Anachiyang'ana kanthawi, kenako anapitiriza kukopera.

"Bwanji osangomuimbira mkamwini?" ndinafunsa.

"Kuti akauze mkazi wake kuti chiyani?"

Lachitatu kompyuta inadzuka, zotsatsa zija zitachotsedwa. Anandiimbira kuti ndibwere msanga, makatani ayambe adikira. Nditalowa anatseka chitseko n'kundikhazika pa situlu.

"Valani awa."

"Ine? Bwanji osavala inu?"

Anakanda kumutu. Kenako anandiuza chinthu chimene ndinkachidziwa kwa zaka zisanu, koma chimene anali asanavomerepo: khutu lawo lakumanzere linatha. Zaka zambiri zoika mutu pafupi ndi masipika a maphwando powakonza zinalidya. Akavala mahedifoniwo mawu onse amawamvera kumanja, ndiye sakanadziwa ngati akonza kapena awononga.

"Musakauze munthu," anatero. "Makamaka Apudeti."

Ndinavala. Anali ofewa ngati pilo, ndipo phokoso la makina ometera kuseri kwa khoma linazimiririka.

"Koma ndi abwino awa," ndinatero. "Anasankha bwino mkamwini."

"Ndakuitanirani kuti muziyamikira?"

Pa sikirini panali chithunzi cha mutu wa munthu utazunguliridwa ndi timasipika tisanu ndi tiwiri. Iwo ankadina kamodzi, m'makutu mwanga n'kulira kabelu, ndipo ine ndinkayenera kuloza kumene kalirira. Anadina ka kumbuyo kumanzere, ine ndinaloza kutsogolo. Anadina ka pambali, ndinaloza kudenga.

"Mukuloza mwadala?"

"Ndikuloza kumene ndikumva. Komanso kabeluka kakulira kawiri."

"Kawiri bwanji?"

"Kakalira, kena kamatsatira pambuyo pang'ono, ngati m'bafa mopanda katundu."

Anandiyang'ana, kenako anatembenukira ku kompyuta msangamsanga. Anatsegula apa, anatsegula apo, akung'ung'udza. Chimene anapeza ndi ichi. Khadi lakale lija linabwera ndi pulogalamu yake yozunguliritsa mawu, ndipo pulogalamuyo inkagwira chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta, ngakhale chosadutsa m'khadimo. Mahedifoni nawonso anali ndi pulogalamu yawo yochita ntchito yomweyo. Mawu ankazunguliridwa kawiri, ndiye kumbuyo kunkasanduka kutsogolo. Anazimitsa ya khadi ija n'kudinanso kabelu. Ndinatembenuka ndi thupi lonse, chifukwa ndinamva ngati munthu waima kuseri kwa phewa langa.

Nkhope yawo inawala. "Apudeti akanazipeza zimenezi? Iye n'kungozula basi."

Koma atayatsanso kompyuta, inachita zake zija. Inaikanso dalaivala wake, pulogalamu ya khadi inadzuka, maikolofoni inaduka. Panafunika njira youzira kompyutayo kuti isiye kusintha dalaivala yokha, ndipo njira imeneyo amuna anga sankaidziwa. Anaifunafuna maola awiri. Tiyi anazizira mu kapu. Pomaliza anatenga foni yanga n'kuiika patsogolo panga.

"Muimbireni. Munene kuti pali kasitomala wina akufunsa."

"Ine kunama ayi."

"Mukunama pati? Mwanayo si kasitomala? Kompyuta yake siili m'shopu?"

Ndinaimba n'kutsegula sipika. Mkamwini anandilonjera mwaulemu monga mwa masiku onse. Ndinanena za kasitomala uja. Iye anayamba kufotokoza. Ankalankhula pang'onopang'ono, akubwereza dzina la batani lililonse kawiri ndi kudikira pakati, ngati akudziwa kuti pali wina akulemba. Ndipo analipodi: amuna anga ankalemba kuseri kwa tsamba la kalendala ndi pensulo, khutu lakumanja litatsamira pa foni.

"Mukawauze akasitomalawo kuti akamaliza asaiwale kusankha mahedifoni mkati mwa gemumo," anatero mkamwini pomaliza. "Ndipo mundiperekere moni kwa bambo, amayi."

Foni itadulidwa amuna anga anaponya pensulo patebulo.

"Wadziwa."

"Akanalephera bwanji? Mumapumira pa foni."

"Mwamva mmene amalankhulira? Ngati akuphunzitsa mwana wa sukulu ya mkaka."

Komabe anatsatira zonse zimene analemba, mzere ndi mzere. Anazimitsa n'kuyatsa kompyuta kasanu, ndipo kasanu konseko ndinaloza molondola. Khadi linatsala m'malo mwake, likutumikira masipika. Mahedifoni anayenda njira yawo kudzera m'kabokosi kawo.

Loweruka tinabweza kompyuta. Ulendo uno mkamwini anatidikira pansi pa masitepe ndipo anainyamula osapempha chilolezo. Amuna anga analumikiza okha mawaya, n'kuima kumbuyo kwa mpando manja ali m'thumba. Mzime anavala mahedifoni n'kulowa mu gemu. Patapita mphindi zochepa anatembenuza msilikali wake mwadzidzidzi, anawombera, munthu n'kugwa pakhomo kumbuyo kwake. Anzake ankamveka akukuwa m'mahedifonimo.

Anavula, anadzuka, n'kuwakumbatira bambo ake. "Zikomo adadi. Ndinadziwa kuti mutha." Kenako anatembenukira kwa amuna ake. "Mphatso yanu ija ndiye ndaimva lero."

Pa mawu awiriwo, amuna anga anasunga achiwiriwo.

Mkamwini anafunsa chimene chinavuta, ndipo atauzidwa za mapulogalamu awiri aja anagwedeza mutu. "Zimenezo sindikanaziganizira, bambo. Ine ndikanachotsa khadi, pulogalamu yake ikanatsala, vuto likanapitirira." Za foni ija sanatchule, ngakhale kundiyang'ana.

Ndili kukhitchini ndi mzime ndinamuuza kuti bambo ake akudandaula kuti anasiya kuwaimbira. Anadabwa zenizeni. Anapukuta manja n'kupita pabalaza.

"Adadi, ine ndinasiya kukuvutitsani chifukwa cha bondo lanu. Masitepe awa ndi ambiri."

"Bondo langa linadandaula kwa iwe?"

"Ayi, koma..."

"Likadzadandaula ndidzakuuza. Chinthu chikavuta uziimba."

Mzime anavomera. Ndipo Lachiwiri lotsatira anaimbadi, za ayironi yosatentha. Amuna anga anapita tsiku lomwelo. Atabwerako anandiuza kuti waya wake unaoneka ngati wachita kumasulidwa ndi munthu, ndipo akukayikira kuti ana aja anapangana kuti awapezere chochita. Anakwiya nazo masiku awiri, koma ayironiyo anaikonza.

Nsanje ija sinathe. Pobwerera kunyumba Loweruka lija anandifunsa katatu ngati ndinamva mmene mkamwini ananenera kuti sakanaziganizira. "Ngati akundipatsa malikisi," ankatero. Anafunsanso ngati ketulo yathu ikugwiritsidwa ntchito kapena ili m'kabati. Mzime akatumiza chithunzi ali ndi mahedifoni kumutu, iwo amachikulitsa ndi zala kuti aone ngati masipika akadali patebulo.

Patatha milungu iwiri mkamwini anabwera yekha kushopu atanyamula wayilesi yaikulu yamatabwa, yokulungidwa m'thaulo. Anati inali ya malemu bambo ake, ndipo yakhala chete zaka khumi. Anaipititsapo kwa anthu awiri, onse anamuuza kuti aitaye.

"Mwaibweretsa pondimvera chisoni?" anafunsa amuna anga.

"Ayi, bambo. Ine za mkati mwa izi sindidziwa chilichonse."

Atachoka, amuna anga anatsegula kumbuyo kwake, anaunika ndi tochi, n'kupeza polumikizira pamodzi pomwe mtovu unasweka. Anawotcherera. Wayilesi inalankhula fulasiki ya tiyi isanathe. Ine ndinatenga foni kuti ndimuuze mkamwini nkhani yabwinoyo, koma anandigwira dzanja.

"Asaganize kuti ntchito imeneyi ndi yophweka."

Anamuuza kuti pali kachipangizo kosowa kwambiri, ayenera kukafunafuna. Mkamwini anayamba kubwera Loweruka lililonse masana kudzafunsa, nthawi imene mkazi wake amakhala ali pa gemu. Akamva mapazi ake amuna anga amazimitsa wayilesiyo n'kuiphimba ndi thaulo. Iye amakhala pa situlu, chipewa chili pabondo, akuonerera mmene amagwirira chitsulo chowotcherera. Mlungu wachitatu anamupatsa kuti ayese pa bolodi la wayilesi ina yakufa. Anadziwotcha chala, ndipo amuna anga anasangalala tsiku lonse.

Ndikukhulupirira kuti mkamwini akudziwa kuti wayilesi inachira, chifukwa wometa uja amaimva tsiku ndi tsiku ndipo pakamwa pake sipatseka. Koma sanafunsepo. Dzulo mzime anandiimbira, mawu ake atauma pang'ono.

"Amayi, kodi awa amachita chiyani kushopu kwa adadi mpaka dzuwa kupendeka? Ine adadi sanandiphunzitsepo kuwotcherera."

Ndinamuuza kuti afunse eni ake. Amuna anga atamva anati situlu ilipo imodzi yokha, koma ngati akufuna kubwera abwere ndi mpando wake.